Ndani Ali Pansi pa Paipiyo?

Paipi yachitsulo ikamalendewera m'malere, itachoka pa lole koma isanafike m'ngalande momwe ikukagona, ndani amene ali pansi pake? Tikufunsa lero, ngozi isanatikakamize kudzafunsa pamaliro. Funsoli likupita kwa makontilakitala, kwa mabungwe opereka madzi, kwa a ku ofesi ya zantchito ku Zomba, kwa mafumu a kwa Malemia, komanso kwa aliyense amene amaima m'mbali mwa msewu wa M3 pa Malosa kapena pa Domasi n'kumaonerera zikatapila zikugwira ntchito.

Palibe akutsutsa kuti chigwa cha Domasi chikufuna madzi. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 740,000 m'boma la Zomba, osawerengera a mumzinda, ndipo chiwerengerocho sichinaime pamenepo. Chipatala cha St Luke's, sekondale ya Malosa, Chilema, koleji ya aphunzitsi ku Domasi, msika wa Songani ndi midzi yonse yozungulira zimafuna madzi tsiku lililonse. Madziwo ali m'mapiri a Zomba ndi Malosa, ndipo kuti afike pampopi ayenera kuyenda m'paipi. Mapaipi akale akuchepa, ena anakokoloka ndi namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 m'madera ambiri a kumwera kuno. Choncho ngalande zikumbidwabe, mapaipi akuluakulu abwerabe. Walira mvula walira matope, inde. Koma ndani ananena kuti wolira madzi walirira limodzi ndi mwendo wa mwana wake?

Boma lino lili ndi mbiri yakeyake pa za mapaipi. Mu 1968, ku Chingale, kuseri kwa phiri la Zomba, ndi kumene kunayambira ntchito yotsitsira madzi a m'phiri kumidzi popanda injini, madziwo akuyenda okha ndi kutsetsereka kwa malo. Anthu a m'midzimo anakumba okha ngalande ndi makasu ndi mapiki, ananyamula mapaipi pamapewa, anakwirira okha. Ntchitoyo inafalikira ku Mulanje, ku Phalombe ndi madera ena, mpaka a mayiko ena ankabwera kudzaphunzira. Paipi ya masiku amenewo munthu ankaidziwa kulemera kwake chifukwa anali ataisenza. Ikamulemera ankaitula n'kupuma. Mnzake akaterereka, onse ankaima.

Za lero n'zina. Paipi yachitsulo ya mamita 6, yotakata masentimita 30, imaposa makilogalamu 300. Yotakata masentimita 60 imayandikira tani yathunthu. Palibe phewa limene lingasenze zimenezo, ndiye makina ndiwo amanyamula, munthu n'kukhala wongolandira pansi. Amene wakhala pampando wa makina sakumva kulemerako m'thupi mwake. Amene ali m'ngalande alibe mphamvu yoitula. Ngozi zonse za ntchitoyi zimabadwira pakati pa anthu awiriwa.

Makina amene anapangidwira ntchito yotsitsa mapaipi amatchedwa side boom. Ndi chikatapila choyenda pa matcheni m'malo mwa mateyala, chokhala ndi mkono wautali wachitsulo m'mbali mwake, osati kutsogolo. Kunsonga kwa mkonowo kumalendewera ngowe pa chingwe cha waya, ndipo kumbali inayo kuli zitsulo zolemera zimene dalaivala amazitambasula kuti makina asagwere kumene kuli katundu. Chimayenda m'mphepete mwa ngalande paipi ili m'malere, n'kumaitsitsa pang'onopang'ono. Pa mapaipi a mafuta ndi gasi, amene amawotchereredwa kukhala chingwe chimodzi chachitali, makinawa amandandalikana angapo, onse atagwira paipi imodzimodzi. Ntchito za mtundu umenewu siziri kutali nafe. Paipi ya mafuta ya TAZAMA, yochokera ku Dar es Salaam kukafika ku Ndola, makilomita 1,710, inatsegulidwa mu 1968. Ya gasi yochokera ku Temane ku Mozambique kupita ku Secunda ku South Africa, makilomita 865, inayamba kugwira ntchito mu 2004. Kuno kwathu madzi a ku Likhubula ku Mulanje afika kale ku Blantyre, ndipo ntchito yokoka madzi a m'nyanja kuchokera ku Salima kupita ku Lilongwe ndi ya makilomita pafupifupi 120.

Ma side boom akagwirira paipi imodzi, cholakwa cha mmodzi ndi cha onse. Wina akatsitsa mofulumira kapena nthaka ikamutitimirira, katundu amene anali pa iye amasamukira kwa oyandikana naye m'kanthawi kochepa, ndipo iwonso akhoza kupendekeka motsatana. N'chifukwa chake mayiko amene amagwiritsa ntchito makinawa kwambiri anawalembera malamulo akeake, monga ASME B30.14 ya ku America ndi ISO 8813 yonena za mlingo wa katundu amene anganyamule.

Tinene mosabisa: side boom yeniyeni sioneka kawirikawiri m'misewu yathu. Chimene timaona ndi chikatapila chokumba, chomwe chija chakumba ngalande m'mawa, masana chikusanduka chonyamulira. Nthawi zina ndi kireni ya pa lole. Makina ndi ena, koma paipi ndi yomweyo, ngalande ndi yomweyo, munthu wapansiyo ndi yemweyo. Ngati makina opangidwira ntchitoyi ali ndi malamulo okhwima chotero, nanga obwerekerawa akutsata ati?

Amene anaimapo pafupi ndi ntchito yotere azizindikira izi. Unyolo wazunguliridwa pakati pa paipi, mbali inayo wakoledwa pa dzino la chibakete. Dalaivala akukweza, paipi ikunyamuka mbali imodzi, ikuzungulira. Anyamata awiri akuthamangira kukaigwira ndi manja, mmodzi wavala lifulekita ndi chipewa cholimba, mnzake ali ndi mapatapata. M'ngalande muli wachitatu, khoma la dothi likumufika m'makutu, wakweza manja kudikira kuti ailandire ailowetse pakamwa pa inzake. Kapitawo akukuwa kuti tsitsa, wina kumbuyo akukuwa kuti kweza pang'ono, injini ikubangula moti dalaivala akungoyang'ana milomo. Kutsidya kwa ngalande ana oweruka kusukulu aunjikana pamulu wa dothi lokumbidwa, ndipo mayi wosenza nkhuni zochokera kuphiri akufunafuna powolokera. Tsikulo paipi ilowa bwinobwino, madzulo aliyense apita kwawo. Kodi kupulumuka kwa tsiku limenelo ndi umboni woti ntchito inagwiridwa moyenera?

Tiyambe ndi dalaivala. Kodi akudziwa kuti paipi imene wakolayo ikulemera bwanji, kapena akungomvera mmene injini ikulirira? Makina alionse onyamulira ali ndi tchati chosonyeza katundu amene anganyamule malinga ndi kutalika kumene mkono watambasukira. Mayi aliyense wotunga madzi amaidziwa nkhaniyi: ndowa yodzaza ukaigwira pafupi ndi thupi umayenda nayo, koma ukatambasula mkono imakugwetsera mbali. Kampani ya Caterpillar imalemba kuti side boom yake yaing'ono ya PL61 imafika pa matani 18, koma pamenepo katundu ali pa mita 1.22 basi kuchokera pa matcheni, ndipo nambalayo ndi ya pomwe makina ayamba kudzuka kuti agwe. Yogwirira ntchito ndi yocheperapo, ndipo mkono ukamatalikira imatsika msangamsanga. Kodi tchati chimenechi chilimo m'makina amene akugwira ntchito m'dera lathu? Chikuwerengeka, kapena chinafufutika ndi dzuwa? Makina ambiri amabwera kuno atagwira kale ntchito zaka zambiri kunja, ena malangizo ake ali m'zilankhulo zimene dalaivala sangawerenge. Ndani anamumasulira?

Chikatapila chokumba chikhoza kunyamula paipi, koma pali zofunika. Chiyenera kukhala ndi malo okolapo amene anachipangira, pakuti dzino la chibakete ndi lokumbira ndipo unyolo umapulumukapo mosavuta. Ku Ulaya makina otere akamanyamula katundu woposa tani imodzi amayenera kukhala ndi mavalavu ogwira mkono kuti usagwe paipi ya mafuta a makinawo ikaphulika, komanso belu lochenjeza kuti katundu wapyola mlingo. Paipi ya mafuta yothetheka imaphulika osachenjeza, ndipo popanda valavu mkono umatsika ndi katundu yense nthawi yomweyo. Eni ntchito akamalola kontilakitala kubweretsa makina, alipo amene amakaona ngati zinthu zimenezi zilimo?

Nanga nthaka? Apa mpamene Malosa ayenera kutchera khutu kuposa madera ena. Tchati cha katundu chimalembedwa poyesa makina pamalo olimba ndi osalala. Kwathu kuno malo otero ndi ochepa. Kumtunda ndi motsetsereka ndi mwamiyala, timitsinje totsika m'phiri tadula paliponse, ndipo kumunsi cha ku Chilwa kuli dothi lamakande limene limauma gwa m'chilimwe koma likanyowa limaterera ndi kutitimira. Makina opendekekera ku ngalande ataya kale mbali ina ya mphamvu zake asananyamule kanthu. Side boom imayenda m'mphepete mwenimweni mwa dzenje, kulemera kwake konse ndi kwa paipi kukutsamira pa tcheni la mbali ya kudzenjeko. Khoma likagumuka, makina, paipi ndi dothi zimagwera pamodzi pa amene ali m'kati. Dothi lodzaza mita imodzi m'litali, m'lifupi ndi msinkhu limaposa tani, ndipo likakhuta madzi limayandikira matani awiri. Munthu likamukwirira mpaka pachifuwa sangapume, ngakhale mutu uli kunja anzake akumuona.

Lamulo la ku America limati ngalande yofika mita 1.5 iyenera kuchirikizidwa ndi matabwa kapena zitsulo, apo ayi makoma ake asemedwe motsetsereka, dothi lokumbidwa liunjikidwe masentimita 60 kapena kuposa kuchokera m'mphepete, ndipo makwerero akhale pafupi. Izi si zodula. Matabwa ali ku Zomba konkuno. Nanga n'chifukwa chiyani timaona ngalande zozama kupitirira munthu, makoma ali chilili, opanda ngakhale thabwa limodzi? Mvula ikagwa usiku mu Januwale, ndani amayendera ngalande m'mawa anthu asanatsikiremo? Ntchito ikachedwa ndipo eni ndalama akufuna malipoti, ndani ali ndi mphamvu yonena kuti lero nthaka yanyowa, makina sayandikira?

Za zomangira tingozidutsa mwachangu, ngakhale zimapha mofanana. Unyolo wolumikizidwa ndi bawuti kapena waya, lamba wong'ambika m'mphepete, chingwe cha waya chotuluka minga, ngowe yopanda chotsekera pakamwa: zonsezi n'zotaya. Malamba awiri akatambalala kwambiri, mpata wawo pa ngowe n'kufika madigiri 120, lamba aliyense amasenza kulemera kwa paipi yonse, osati theka. Abale athu amene amagwira ntchito zomanga ku Johannesburg ndi ku Cape Town amadziwa kuti kumeneko lamulo limafuna kuti zomangira ziziyenderedwa miyezi itatu iliyonse, makina onyamulira aziyesedwa ndi katundu chaka chilichonse, ndipo woyendetsa akhale ndi setifiketi ya makinawo. Akabwera kumudzi pa Khirisimasi n'kuona unyolo pa dzino la chibakete amapukusa mutu. Mmalawi yemweyo, ntchito yomweyo. Moyo wake ukutsikiranji mtengo akangowoloka pa Mwanza kubwerera kwawo?

Pa ntchito yonyamula pamafunika mawu amodzi. Munthu mmodzi yekha, wodziwika kwa onse, woima pamene dalaivala akumuona, ndiye amapereka zizindikiro za manja zimene anagwirizana ntchito isanayambe. Dalaivala akangosiya kumuona, amaima. Chizindikiro chimodzi chokha ndicho aliyense ali ndi ufulu wopereka, kaya ndi injiniya kaya ndi mnyamata wotunga madzi akumwa: choti imani. Paipi imawongoleredwa ndi zingwe zazitali zomangidwa kunsonga zake, anthu ali patali, ndipo manja amaikhudza pokhapokha yatsika kufika pafupi ndi pogona pake. Ikamadutsa pamwamba, m'ngalande musakhale munthu. Lamuloli lilibe zoti koma. Kodi kapitawo amene amalola munthu kudikira paipi ali pansi pake salidziwa, kapena waona kuti kutuluka ndi kulowanso m'ngalande kukudya mphindi zimene bwana akuziwerenga?

Ndipo malangizowa amaperekedwa m'chilankhulo chanji? Anthu a ku Malosa ndi Domasi amalankhula Chichewa ndi Chiyao. Makontilakitala ena akuluakulu amachokera ku China, ku India, ku Portugal, ndipo akapitawo awo amalankhula ndi antchito kudzera m'Chingerezi chapakatikati ndi zala. Pamene tani yachitsulo ili m'malere si nthawi yoyamba kuganizira kuti bwana akutanthauza chiyani. Mphindi khumi m'mawa uliwonse, anthu atazungulira, wina n'kufotokoza m'chinenero chawo kuti lero tinyamula chakuti, cholemera mwakuti, woimika makina ndi uje, pothawira ndi apa, zingawonongetse ndalama zingati?

Kwezani maso. Mapaipi amakonda kutsata msewu, nawonso mawaya a Escom amatsata msewu womwewo. Mawaya a mavoti 11,000 ndi 33,000 alibe chokutira, ndipo magetsi amphamvu chotero amatha kulumpha mkono wa makina usanagunde n'komwe. Mlingo umene mayiko ambiri amatsata pa mawaya otere ndi kutalikira mamita atatu kapena kuposa. Mkono ukagunda, kawirikawiri dalaivala amapulumuka ngati akhala phee pampando. Amene amafa ndi wapansi, wogwira paipi kapena unyolo, kapena wothamangira kukathandiza. Dalaivala akakakamizika kutuluka chifukwa cha moto, ayenera kulumpha miyendo ili pamodzi, osagwira makina ndi nthaka nthawi imodzi. Ndi antchito angati m'ngalande zathu amene anauzidwapo zimenezi? Ndi kontilakitala uti amene amayamba wakambirana ndi a magetsi kuti azimitse laini tsiku lonyamula pansi pa mawaya?

Tsopano tifike pa munthu amene nkhani yonseyi ikumukhudza kwambiri, waganyu. Ntchito ikabwera m'dera, kontilakitala amabwera ndi madalaivala ndi amisiri ake, koma okumba, okoka zingwe ndi olowa m'ngalande amawatola pompano. Uthenga umadzera kwa amfumu, m'mawa anyamata ndi amayi amaunjikana pa kampu, kapitawo amaloza ndi chala, iwe, iwe, iwe. Ena amalembedwa m'kabuku, ena ayi. Dzulo anali kumunda wa mpunga kapena akupalasa kabaza, lero ali pansi pa chitsulo chimene sanachionepo. Akudziwa kuti kunja kwa mpanda kuli anzake makumi akudikira malo akewo. Munthu wotere angatsegule pakamwa kunena kuti bwana, unyolowu sindikuukhulupirira?

Malamulo amati angathe. Gawo 31 la malamulo aakulu a dziko lino limapatsa munthu aliyense ufulu wogwira ntchito motetezeka ndi mwachilungamo, ndipo silisiyanitsa wolembedwa pamwezi ndi waganyu. Lamulo la Occupational Safety, Health and Welfare Act la 1997 limaika udindo wa chitetezo cha antchito pa olemba ntchito, limapatsa oyendera a boma mphamvu zolowa pamalo antchito, ndipo limafuna kuti ngozi zizinenedwa. Mu Novembala 2019 dziko la Malawi linavomereza pangano nambala 155 la bungwe loona za ntchito padziko lonse la ILO, limene limati wantchito amene wachoka pamalo poona kuti moyo wake uli pangozi yoonekeratu asalangidwe. Zonsezi zinalembedwa bwino. Koma ndani anakaziwerengera mnyamata wa kwa Malemia asanatsikire m'dzenje? Ufulu umene mwini wake sakuudziwa, ndipo akaugwiritsa ntchito mawa dzina lake silitchulidwa pampanda, ukumuteteza ku chiyani?

A ku ofesi ya zantchito, tikudziwa kuti ndinu ochepa ndipo dera ndi lalikulu. Komatu ntchito ya mapaipi sibisika m'nyumba, imayala ngalande makilomita ambiri m'mbali mwa msewu umene inu nomwe mumadutsa popita ku Liwonde. Munaimapo kangati? Munapemphapo kuona mapepala a makina ndi a dalaivala? Ngati vuto ndi galimoto ndi mafuta, bwanji ndalama ya maulendo oyendera isamalowe m'bajeti ya ntchitoyo kuyambira pachiyambi? A bungwe lolembetsa ndi kuyang'anira makontilakitala: kontilakitala amene munthu wafera pa ntchito yake chifukwa cha kusasamala, chimamuchitikira n'chiyani m'kaundula wanu? Anthu angakaone kuti? A TEVETA, dziko likukumba ngalande kuyambira ku Karonga mpaka ku Nsanje. Mnyamata wa ku Domasi amene akufuna kukhala katswiri womanga ndi kuwongolera katundu wa makina, wokhala ndi pepala lodziwika, mwamukonzera njira yotani?

Ngozi ikachitika, mphindi zoyamba ndizo zimagamula. St Luke's ili pompo pa Malosa, chipatala chachikulu cha Zomba chili makilomita oposa 20, ndipo wosweka msana kapena chiuno angafunike kukafika ku Queen Elizabeth ku Blantyre. Kodi pamalo antchito pali galimoto yodikira, kapena ayamba kuimitsa minibasi? Alipo amene anaphunzira kuti wovulala msana sanyamulidwa ngati wakomoka pa mpira? Alipo akudziwa kuti munthu wokwiririka safukulidwa ndi chikatapila, ndipo olowa kukamupulumutsa ayenera kuyamba achirikiza khoma kuti lisagumukenso? Ngozi zina za m'ngalande zimatenga anthu awiri, wachiwiriyo ali amene anadumphiramo chifukwa cha chisoni. Anthu akwathu sangaime chilili mnzawo akufa, ndipo mtima umenewo ndi wabwino. N'chifukwa chake ayenera kuphunzitsidwa tsiku loyamba momwe angapulumutsire mnzawo iwo osatsalamo.

Pambuyo pake pamabwera nkhani ya chipukuta misozi. Lamulo la Workers' Compensation Act la 2000 limati wovulala pantchito alipidwe, ndipo womwalira abale ake alandire. Koma amene dzina lake silinalembedwe paliponse akatsimikiza bwanji kuti anali pantchito? Tonse tamvapo za mabanja amene anapatsidwa bokosi, thumba la ufa ndi kandalama ka m'envelopu, nkhani n'kuthera pomwepo, chifukwa pa nthawi ya chisoni palibe amene ali ndi mphamvu zokangana ndi kampani. Amfumu amene anathandiza kupeza antchito aja, kodi anasunga mndandanda wa maina? Ndi chinthu chaching'ono, kope limodzi ndi cholembera, koma tsiku lina likhoza kukhala umboni wokhawo umene mayi wamasiye ali nawo.

Muzu wa zonsezi uli m'maofesi momwe ntchito zimaperekedwa, kutali ndi matope. Makampani akamapikisana, wotsika mtengo ndiye amakhala ndi mwayi waukulu, ndipo chimene chimadulidwa mosavuta popanda wina kuona ndi chitetezo. Paipi sungaichepetse, injiniya adzaiyeza. Simenti adzaipima. Koma malamba atsopano, matabwa ochirikiza, munthu wapadera wopereka zizindikiro, tsiku loima chifukwa cha mvula, zimenezi ndani amaziyeza? Kontilakitala woona mtima amene waziwerengera zonse mtengo wake umakwera, ntchito n'kupita kwa amene wazisiya. Tikatero ndife tomwe tikulanga wosamala. Bungwe la Southern Region Water Board, limene likulu lake lili ku Zomba komweko, khonsolo ya boma la Zomba, ndi mabungwe onse amene amabweretsa ntchito za madzi m'chigwa chino akhoza kusintha izi popanda kudikira Nyumba ya Malamulo. Chitetezo chikhale ndi mzere wakewake m'mapepala a mpikisano, mtengo wake wokhazikika wofanana kwa onse, ndipo ndalamayo izilipidwa pokhapokha woyang'anira waona ndi maso zinthuzo zili pamalo. Chikuletsa n'chiyani? Ntchito za ngongole ya World Bank zili kale ndi mfundo zoteteza antchito ndi anthu okhala pafupi, zimene zinayamba kugwira ntchito mu 2018. Kodi tizisamala miyoyo pokhapokha mwini ndalama ali wakunja ndipo akubwera kudzayendera?

Anthu okhala pafupi asaiwalike. Ngalande imadula njira za kusukulu, za kuchigayo, za kumzikiti ndi kutchalitchi. Riboni yofiira ndi yoyera yomangidwa pa timitengo siimitsa mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi amene sanaonepo makina aakulu chotero. Pamafunika munthu woima pamenepo ntchito yake ili yokhayo yobweza anthu pamene katundu ali m'malere, milatho ya matabwa yokhala ndi zogwirira pamene njira yadulidwa, ndi uthenga kwa aphunzitsi aakulu a sukulu zapafupi sabata ntchito isanafike. Mapaipi osanjikizidwa m'mbali mwa msewu azitsekeredwa ndi mphanda kuti asagubuduke ana akamakwerapo madzulo. Ngalande yosiyidwa yotsegula m'dzinja imadzaza madzi amatope, osaoneka kuya kwake. Iloledwa kukhala chotero mausiku angati?

Safunsa anadya phula, ndipo masiku ano kufunsa kuli ndi lamulo kumbuyo kwake. Kuyambira mu Seputembala 2020 lamulo la Access to Information likugwira ntchito, ndipo nzika ikhoza kupempha bungwe la boma kuti liionetse mapepala a ntchito yogwiridwa ndi ndalama za anthu. Komiti ya chitukuko ya dera, khansala, phungu wa Zomba Malosa, akuluakulu a mpingo ndi a mzikiti, onsewa amaitanidwa pa mwambo wokhazikitsa ntchito ndipo amapatsidwa mpata wolankhula. Pamenepo, kontilakitala ali pampando wakutsogolo, afunse kuti mapaipi adzanyamulidwa ndi makina ati ndipo anayesedwa liti, woyendetsa anaphunzira kuti, woyang'anira chitetezo dzina lake ndani ndipo akapezeka pa nambala iti, aganyu alembedwa m'kaundula uti, ndipo amene adzakane kulowa pansi pa paipi adzabwereranso kuntchito mawa lake kapena ayi. Mayankhowo alembedwe m'Chichewa ndi m'Chiyao, amatidwe pa msika wa Malosa ndi pa bwalo la amfumu khasu loyamba lisanagwe. Mwa makontilakitala amene akufuna ntchito m'chigwa cha Domasi, ndani ali wokonzeka kusaina dzina lake pansi pa pepala limenelo?